Kuwala kukuphethira, pomwe panali rig pakuoneka chigamba: ndiyambire pati?

Kachidole
Moni nonse. Ndili ndi kanema wa zidole wa mphindi 4, wojambula chithunzi chimodzichimodzi. Kujambula kwatha, yatsala ntchito ya pa kompyuta, ndipo mavuto atuluka atatu. Loyamba, kuwala kukuphethira: chithunzi china chowala, chotsatira chakuda pang'ono, makamaka pakhoma lakumbuyo. Lachiwiri, pali shoti ya masekondi 6 pomwe chidole chikudumpha chitagwiriziridwa ndi rig ya waya kumsana. Wayayo ndafufuta pogwiritsa ntchito clean plate (chithunzi cha seti yopanda chidole ndi rig), koma pomwe ndafufutapo pakuoneka ngati chigamba pa malaya. Lachitatu, ndikalowetsa zithunzi mu After Effects, pulogalamu yokonzera kanema, chidole chikuthamanga ngati chikuthawa moto. Kamera ndi Canon ya 24 megapixel ndi lenzi yomwe inabwera nayo, pulogalamu yojambulira ya Dragonframe, mafayilo a RAW ndi JPG, zithunzi 12 pa sekondi, nyali ziwiri za LED. Ndiyambire pati?

Tsekwe
Lachitatulo ndi losavuta. After Effects ikamalowetsa mndandanda wa zithunzi imangoti ndi 30 pa sekondi mukapanda kuiuza. Zithunzi zanu 72 za shoti yodumphayo zikutha m'masekondi 2.4 m'malo mwa 6. Dinani kumanja pa fayiloyo mu Project, mupite pa Interpret Footage, Main, pa Assume this frame rate mulembe 12. Composition, pomwe mukusanjira kanemayo, ikhale ya 24, Frame Blending ikhale yozimitsa, ndiye chithunzi chilichonse chizioneka kawiri. Kuti musamabwereze pa shoti iliyonse, sinthani nambalayo mu Preferences, pa Import.

Kachidole
Zatheka a Tsekwe, zikomo. Chidole chayamba kuyenda bwino.

Nyerere
Musanapite patali, munachita Conform Take mu Dragonframe? Mukafufuta zithunzi kapena kuika hold (kuimitsa chithunzi) mu X-Sheet, ndandanda ya zithunzi, pulogalamuyo imaonetsa ndondomeko yatsopano koma mafayilo mu foda amakhala momwe analili mpaka mutachita conform. Komanso tengani zithunzi za mu foda ya X1, osati za mu feed. Za mu feed ndi zazing'ono zochokera pa live view (chomwe kamera ikuonetsa musanadine), ntchito yake ndi yongoonera pojambula.

MwiniNyali
Za kuphethira, musathamangire plugin (kapulogalamu kowonjezera) musanadziwe kochokera, chifukwa mankhwala ake amasiyana. Ine ndikukayikira lenziyo. Lenzi za Canon zokhala ndi aperture (kabowo kolowetsa kuwala) yamagetsi zimakhala zotsegula kwathunthu pa live view, ndipo zimatseka kabowo kake pa nthawi yojambula yokha. Timasamba tachitsulo timene timatseka kabowoko sitifika pamalo amodzimodzi ulendo uliwonse. Kusiyana kwake ndi kochepa kwambiri moti pa chithunzi chimodzi simungakuone, koma zithunzi zikamatsatana diso limagwira. Kabowo kakachepa, monga pa f/11 kapena f/16, vuto limakula, popeza kuphonya pang'ono pa kabowo kakang'ono ndi gawo lalikulu la kuwala kolowa. Ndiye chifukwa chake ojambula zidole amakonda lenzi zakale za Nikon zotembenuza aperture ndi dzanja, n'kuziika pa Canon ndi adapter. Kabowo kamakhala pomwe mwakasiya tsiku lonse.

Chachiwiri ndi nyali. LED zambiri zikachepetsedwa mphamvu zimayaka ndi kuzima mothamanga kwambiri, ndipo shutter yachangu ngati 1/125 imagwira nthawi zosiyana za kuyakako. Nyali zoyendera magetsi a 50 Hz zimagunda ka 100 pa sekondi. Shutter ya theka la sekondi imasonkhanitsa kugunda 50 m'chithunzi chimodzi, ndiye zonse zimafanana. Chachitatu ndi wojambula mwini. Malaya oyera amabweza kuwala pa seti, ndipo mukaima malo osiyana pa chithunzi chilichonse khoma limasintha. Valani zakuda, muziima malo amodzi podina, mazenera onse akhale otseka.

Poyeza chitani izi: onani ngati chithunzi chonse chikukwera ndi kutsika limodzi. Ngati ndi chonse, ndi lenzi kapena magetsi. Ngati ndi mbali imodzi yokha, ndi nyali imodzi kapena thupi lanu.

Tsekwe
Zonsezo ndi zoona akulu, koma munthuyu wajambula kale.

MwiniNyali
Ndikudziwa. Koma kuphethira kwa chithunzi chonse kumachotseka mosavuta, kwa mbali imodzi kumafuna mask, mzere wodulira mbali ya chithunzi yomwe mukukonza. Asadziwe mtundu wake ataya masiku.

Bilimankhwe
Pali gwero lina lomwe anthu amaliiwala: momwe RAW, fayilo yosakonzedwa ya mu kamera, yatsukidwira. Mu Camera Raw ndi Lightroom, ma slider a Highlights, Shadows, Clarity ndi Dehaze sachita chinthu chimodzi pa zithunzi zonse. Amayamba ayang'ana zomwe zili m'chithunzi kenako n'kusankha mphamvu. Chidole chovala zoyera chikalowa pakati, khoma lakumbuyo limada lokha ngakhale nyali sizinasinthe. A Kachidole, ikani JPG zochokera mu kamera pa timeline. Ngati JPG zili bata koma RAW ikuphethira, bwezani ma slider anayiwo pa 0, white balance mulembe nambala yake ya Kelvin, musasiye pa Auto. Exposure ndi Curve gwiritsani ntchito momasuka, zimenezo zimachita zofanana paliponse.

Kachidole
Ndayesa. JPG nazonso zikuphethira, ndipo ndi chithunzi chonse. Aperture inali f/14, shutter 1 sekondi. Koma Shadows ndinakweza pa 40, ndaibweza pa 0 ndipo zachepako.

MwiniNyali
Ndiye ndi lenzi, Shadows inkangowonjezera. Pa shutter ya sekondi yathunthu kugunda kwa nyali sikungakhale vuto.

Kadzidzi
Kuphethira kotere mu After Effects kumatha ndi Color Stabilizer, yomwe ilimo kale. Sankhani Levels, Black Point muyiike pamalo akuda omwe chidole sichidutsa, White Point pamalo owala omwenso sichidutsa, ngakhale chithunzithunzi chake chisafikepo. Sample Size ikwezeni kuti isamawerenge timadontho ta noise. Kenako imani pa chithunzi chabwino mudine Set Frame. Zithunzi zonse zizikokeredwa ku chimenecho. Ikakanika, pali Flicker Free ya Digital Anarchy, kapena Deflicker ya mu DaVinci Resolve Studio. Koma izi zimagwira ntchito poyerekeza chithunzi ndi zinzake zoyandikana nazo, choncho chidole chikasuntha kwambiri, monga podumphapo, zimasiya mzukwa wa mkono kapena mwendo. Zigwiritseni ntchito pa 12, zithunzi zisanabwerezedwe kawiri, apo ayi zimasokonezeka ndi mapasawo.

Mkokawaya
Tibwere pa chigambacho. Chimaoneka pa zifukwa zingapo, ndipo kwa inu ndikuona zitatu zili pamodzi.

Clean plate ndi chithunzi chimodzi chouma. Chidole chili pa zithunzi 72 zomwe zikuphethira, chigamba chili phee. Ndiye pa chithunzi china chigamba chikuwala kuposa khoma, pa china chikuda. Apa yankho ndi kuthetsa kuphethira musanafufute waya, ndipo clean plate ilowe nawo m'ntchitoyo. Iikeni koyambirira kwa mndandanda, Set Frame muidine pa iyo, zithunzi zonse zifanane ndi clean plate.

Chinanso ndi noise. Chithunzi chilichonse chili ndi timadontho take take, tikamatsatana timaoneka ngati tikuwira. Pa chigamba timadonthoto taima, ndipo diso limaona malo oumawo ngakhale mtundu utafanana ndendende. Pojambula, njira yabwino ndi kutenga clean plate ya zithunzi 12 kapena 24 n'kumaizunguliza. Poti inu muli ndi chimodzi, chotsani noise pa shoti ndi pa clean plate yomwe, fufutani waya, kenako thirani grain yatsopano (timadontho tochita kupanga) pamwamba pa zonse.

Chomaliza ndi m'mphepete mwa mask. Ikhale pafupi ndi waya, osadula dera lalikulu. Pa chithunzi cha 6000 m'lifupi, feather (kufewetsa m'mphepete) ya ma pixel 6 mpaka 12 imakwanira pakhoma, koma pomwe waya wakhudza chidole itsike pa 1 kapena 2, apo ayi msana wa chidole umasungunuka. Gwirani ntchito mu composition ya 12, mask isunthe pa chithunzi chilichonse. Mukagwira mu ya 24, keyframe (mfundo zosunga malo a mask pa nthawi yake) zikhale za Hold, chifukwa mask imayenda pakati pa mapasa aja n'kuonetsa waya pa chithunzi chachiwiri.

Ndipo rig ili ndi chithunzithunzi chake, pansi ndi pakhoma. Nyali ziwiri, zithunzithunzi ziwiri. Chidole chouluka chokhala ndi chithunzithunzi cha ndodo kumbuyo kwake chimaulula zonse.

Tsekwe
Ine sindikugwirizana ndi kuchotsa noise yonse. Imapita ndi ulusi wa nsalu ndi timizere ta pa dongo. Mukatsitsa chithunzi kuchoka pa 6000 kufika pa 1920, noise ya ISO 100 kapena 200 imasowa yokha. Thirani grain pa chigamba pokha ndi Match Grain, basi.

Mkokawaya
Pa 1920 ndi ISO 200 ndavomera. Pa 3840, m'malo amdima, chigamba chimaonekabe.

Kachidole
ISO inali 200, ndipo nditulutsa pa 1920x1080. Koma waya akudutsa kutsogolo kwa mkono wa chidole pa zithunzi 9. Clean plate ilibe mkono.

Mkokawaya
Pamenepo ndi pa manja. Tengani mkono pa chithunzi choyandikana pomwe waya sanauphimbe, muudule ndi mask, muusunthe ndi kuutembenuza mpaka ukhale pamalo. Ngati waya ndi woonda, Clone Stamp ikwanira, Duration ikhale Single Frame. Tengerani mtundu mbali imodzi ya waya pa zithunzi zonse 9. Mukamatenga uku lero uko mawa, malowo amanjenjemera posewera. Mtsogolomu rig izilowa kumbuyo kwa chidole, mbali yomwe kamera siiona, ndipo isadutse pakati pa chidole ndi lenzi.

Nsato
Ndiloleni ndibweze kumbuyo pang'ono. Kodi kanemayu mwamudula kale? Ambiri amayamba kufufuta waya pa shoti yonse, kenako podula n'kutaya theka lake. Dulani kaye ndi JPG zazing'ono, muike mawu, muone kanema yense, mutsimikize kuti kudula kwatha. Kenako konzani zithunzi zokhazo zomwe zalowa, kuphatikiza 4 kapena 6 zapadera kumayambiriro ndi kumapeto a shoti iliyonse. Ngati pa 72 zija zalowa 50, ndiye zithunzi zambiri simuzikhudza n'komwe.

Kachidole
Sindinadule. Ndaima kaye ndi waya.

Gulugufe
Shoti yodumphayo muikenso motion blur, kusaoneka bwino kwa chinthu chothamanga. ReelSmart Motion Blur kapena Pixel Motion Blur ya mu After Effects. Popanda iyo kudumpha kumaoneka kodukaduka.

Wadongo
Ayi. Kudukaduka kumeneko ndiye nkhope ya ntchitoyi. Wofuna zosalala apange CG, zidole zopanga pa kompyuta.

Gulugufe
Akatswiri omwe ankafuna blur. Phil Tippett ndi anzake ku kampani ya Industrial Light & Magic (ILM) anapanga go motion cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, makina ankasuntha chidole shutter ili chitsegulire, cholinga chake chomwecho.

Wadongo
Iwo zidole zawo zinkalowa m'kanema wa anthu enieni, zinayenera kufanana ndi blur ya anthuwo. Kanema wa zidole zokhazokha alibe choti afanane nacho. Ku Aardman, kampani ya makanema a zidole ya ku Bristol, zidindo za zala pa pulasitisini zimaoneka, ndipo anthu amazikonda. Ubweya wa chidole ukamawira chifukwa chogwiridwa, usiyeni. Fufutani chomwe chikuchotsa diso pa nkhani, monga waya, chikhomo choyezera chomwe chinaiwalidwa pa seti, kapena dzanja la wojambula. Zina zonse ndi umboni woti chinthucho chinagwiridwa ndi munthu.

Gulugufe
Nanga kampani ya LAIKA ya ku America? Pa Coraline ya 2009 nkhope zinali zosinthasintha zopangidwa ndi 3D printer, ndipo mzere wolumikiza chipumi ndi kamwa anaufufuta pa kompyuta.

Wadongo
Mzere wodula nkhope pakati umachotsa diso pa maso a chidole. Ukugwera mu zomwe ndanenazo.

Kadzidzi
Kaya blur ikhale kaya isakhale, vuto lake pa 12 ndi lodziwika. Plugin imawerenga kusuntha pakati pa zithunzi ziwiri. Mu composition ya 24 mapasa sasuntha, ndiye kuwerengako kumasokonekera ndipo blur siifanana pa zithunzi zotsatana. Iikidwe mu precomp (composition ya mkati) ya 12, waya atafufutidwa kale, mphamvu yake ikhale yochepa, komanso pa zithunzi zothamanga kwambiri zokha. Chidole chikasuntha mtunda waukulu, plugin imakoka khoma pamodzi ndi mkono ngati phula. Zikatero ndi bwino kuzimitsa. Mu Resolve samalaninso: Retime Process ikhale Nearest, chifukwa Optical Flow imapeka zithunzi zapakati zomwe simunajambule.

Khutu
Aliyense akukamba za maso, koma kudumpha kumakhulupirika ndi khutu. Chidole chilibe phokoso lililonse, zonse ndi zomanga. Mapazi, kukhwekhwereza kwa nsalu, kupuma, kugwa pansi. Phokoso la kutera liyambe pa chithunzi chomwe phazi lakhudza pansi, kapena chimodzi pambuyo pake, osati patsogolo. Pansi pa zonse pakhale mpweya wa chipinda, kaphokoso kosalekeza kotsika kwambiri, apo ayi pakati pa mawu pamakhala chete wa kompyuta yemwe amamveka ngati sipika yafa. Jambulani pa 48 kHz, 24-bit. Ndipo kulemera kwa phokoso kutsate kukula kwa munthu wa m'nkhaniyo, osati kwa chidole. Chidole cha masentimita 20 chikuyimira munthu wamkulu, ndiye mapazi ake amveke olemera.

Nsato
Onjezani apa kuti 24 kapena 25 musankhe tsopano. Wailesi za kanema za m'maiko a PAL, monga a ku Ulaya, zimafuna 25. Kanema wa mphindi 4 pa 24 ali ndi mafulemu 5760, pa 25 amatha m'masekondi 230.4 m'malo mwa 240, ndipo mawu onse ayenera kufulumizitsidwa ndi 4 peresenti n'kukonzedwa kuti asakwere. Mu Resolve liwiro la timeline silisinthika mukalowetsa kale mafayilo.

Khutu
Ndipo msinkhu wa mawu umasiyana. Muyezo wa EBU R128 wa wailesi za kanema ndi -23 LUFS (mlingo wa kukwera kwa mawu), pomwe YouTube imatsitsa zopitirira cha pa -14. Mix ikhale imodzi, zotulutsa ziwiri.

Kachidole
Ndi wa intaneti ndi zionetsero za makanema, ndiye ndikhala pa 24. Funso lina: After Effects ikulemera kwambiri ndi RAW. Ndisinthe kukhala TIFF?

Nyerere
Werengani kaye malo. Mphindi 4 pa 12 ndi zithunzi 2880. TIFF ya 16-bit yosapanikiza pa 6000x4000 ndi 144 MB, zonse pamodzi zikupitirira 400 GB. Sensa yanu ndi ya 3:2, mukadula kukhala 16:9 mutsala ndi 6000x3375. Tsitsani pa 3840x2160, chithunzi chimodzi chikhala pafupifupi 50 MB, zonse cha m'ma 143 GB, ndipo mukadali ndi mpata woyandikitsa chithunzi kawiri pa 1920 osataya kanthu. Kapena shoti iliyonse ikhale fayilo ya kanema ya ProRes 4444, yopepuka kuposa pamenepo. Musatsikire ku 8-bit pakati pa ntchito. Ili ndi masitepe 256 okha pa mtundu uliwonse, ndipo khoma losalala lomwe ladutsa mu Color Stabilizer ndi grading (kukonza mitundu) limatuluka mizeremizere. Project ya After Effects ikhale 16 bpc. RAW musafufute, ikhale pa ma disk awiri osiyana.

Tsekwe
Wopanda After Effects angalumikize zithunzizo ndi pulogalamu ya ffmpeg:
ffmpeg -framerate 12 -i shoti_%04d.tif -r 24 -c:v prores_ks -profile:v 3 shoti.mov
Imeneyo ndi ProRes 422 HQ. Manambala a mafayilo asadumphe, ikapeza mpata imaima pomwepo. Waya amafufutikanso mu Fusion ya Resolve yaulere kapena mu Blender.

Bilimankhwe
Poti shutter inali sekondi yathunthu ndipo live view imatenthetsa sensa, fufuzani ma hot pixel. Ndi kadontho kofiira, kobiriwira kapena koyera kokhala malo amodzi pa zithunzi zonse, kamaoneka kwambiri mumdima. Kachotseni musanachite stabilize (kukhazikitsa chithunzi chogwedezeka), chifukwa chithunzi chikayamba kusunthidwa kadonthoko kamayenda nacho. Grading ibwere kumapeto, shoti zonse zitayera. Yambani ndi kufananitsa shoti zoyandikana, nkhope ya chidole ikhale mtundu umodzi, kenako muike maonekedwe omwe mukufuna pa kanema yense. Tulutsani mu Rec.709.

Kadzidzi
Pa stabilize, Warp Stabilizer musaikhudze. Imatsata chidole n'kupinda seti yonse. Kamera ikagundidwa kapena seti ikasuntha usiku chifukwa matabwa afufuma, gwiritsani ntchito point tracker pa chinthu chosasuntha, mfundo ziwiri ngati chithunzi chapendekeka. Clean plate nayo isunthidwe ifanane. Ndiye chifukwa chake imatengedwa kawiri, poyamba shoti ndi pomaliza, focus isanasinthidwe.

Kachidole
Ndadula, pa shoti yodumpha zalowa zithunzi 54. Clean plate ndaiika koyambirira, Color Stabilizer yagwira, khoma lili bata ndipo chigamba sichikuonekanso. Kwatsala pansi. Chithunzithunzi cha rig chikudutsa mkati mwa chithunzithunzi cha chidole, ndikafufuta pakutsala bowo lowala pakati pa mdima.

Mkokawaya
Clean plate ilibe chidole, ndiye ilibenso chithunzithunzi chake. Pangani kope lachiwiri la clean plate, mulidetse ndi Levels mpaka lifanane ndi mkati mwa chithunzithunzi cha chidole. Yezani ndi manambala a mu Info, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu payekhapayekha, chifukwa mumthunzi mtundu umatengera nyali yachiwiri ija ndipo sukhala wotuwa chabe. Layer yodayo ikhale pamwamba pa clean plate yowala, pansi pa shoti. Ipatseni mask yotsata m'mphepete mwa chithunzithunzi cha chidole, feather ifanane ndi kufewa kwa chenichenicho. Chidole chikakwera m'mwamba m'mphepetemo mumafewa, chikamatera mumathwa, choncho feather nayo ikhale ndi keyframe.

Kachidole
Pa zithunzi zingati ndiyembekezere kuchita zimenezi?

Mkokawaya
Pomwe ziwirizo zakumana pokha. Mukamaliza ikani shotiyo pa loop, pa liwiro lake lenileni, sikirini yonse. Ulendo woyamba yang'anani chidole, wachiwiri pansi pokha, wachitatu khoma pokha. Kenako kwezani Exposure ndi ma stop awiri kwa kanthawi muonenso, chifukwa grading ikadzakweza mdima chigamba chobisala chimatulukira pamenepo.